Makala ndi Njereza: Mbiri ya Kaboni pa Msewu wa Mdeka

Msewu wa M1 ukachoka pa Zalewa kulowera ku Blantyre umadutsa pa Mdeka, n'kufika pa Lirangwe, kenako pa Lunzu. Amene amayenda njira imeneyi m'bandakucha amawadziwa bwino anjinga okankha matumba a makala, atatu kapena anayi pa njinga imodzi, lililonse lili ndi mutu wotumphuka womangidwa ndi luzi. Amadziwanso matumba ena otuwa mbuu a njereza, imene ambiri amangoitcha laimu, yochokera m'mauvuni a kufupi ndi Lirangwe. Katundu wina ndi wakuda bii, wina woyera mbee, ndipo eni ake sagulitsa kwa anthu amodzi. Koma zonse ziwiri zimatuluka m'moto, ndipo ntchito zonse ziwiri zimalimbana ndi chinthu chimodzi, chomwe ndi kaboni. Wowotcha makala amafuna kuti kaboni atsale, zina zonse ziuluke. Wowotcha njereza amafuna kuti kaboni auluke, zina zitsale.

Makala akale kuno anali a amisiri a chitsulo. David Livingstone ndi anzake atakwera chigwa cha Shire mu 1859, akulambalala mathithi a mtsinjewu wapansi, anapeza midzi ya Amang'anja ili ndi ng'anjo, owotcha makala, ndi osula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi zibangili. Zimenezi anazilemba m'buku limene iye ndi mng'ono wake Charles anatulutsa mu 1865. Luso limeneli linali lakale kwambiri pamene azunguwo ankaliona. Mwala wachitsulo ndi chitsulo chogwirana ndi okosijeni. Makala akamayaka m'ng'anjo yopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, ndipo mpweya umenewu umalanda okosijeni kumwalawo, n'kusiya chibuma cha chitsulo chofunika kuchisula. Mmisiri wa ng'anjo ankadziwa mtengo wa makala abwino, kuchuluka kwa mwala woti athire, ndi mapopedwe a mvukuto. Ankazidziwa ndi maso, makutu ndi manja, ndipo makasu ake ankalima.

Chaka chimodzi chokha Livingstone asanaone ng'anjozo, mu 1858, anthu awiri ku Ulaya analemba chinthu chimene lero chili m'buku lililonse la kemisitiri. August Kekulé wa ku Germany ndi Archibald Scott Couper wa ku Scotland, aliyense payekha, ananena kuti atomu ya kaboni imagwirana ndi maatomu ena panayi, ndipo imatha kugwirana ndi kaboni mnzake n'kupanga mizere yaitali. Kugwirana kumeneku ndi kumene ana a sukulu amakutcha bondi. Pepala la Couper linachedwetsedwa ku Paris, la Kekulé linatuluka patsogolo, ndipo Couper anadwala n'kubwerera kwawo osagwiranso ntchito ya sayansi. Chifukwa chake chakuti mabondi akhale anayi, palibe mmodzi mwa awiriwo amene akanatha kuchifotokoza.

Kuno kwathu, makasu a kusitolo atachuluka, ng'anjo zinazima imodzi imodzi. M'malo mwake munabwera nyumba za njerwa. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. Kamangidwe katsopanoka kankafuna njereza yopaka makoma ndi yosakaniza ndi mchenga. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima itatsegulidwa mu 1935, Lirangwe inakhala ndi siteshoni, ndipo dera louma la kumpoto kwa Chileka linayandikira misika ya Blantyre ndi Limbe. Pambuyo pake ogula njereza anawonjezekera: mafakitale a shuga, oyeretsa madzi akumwa, ndi alimi ofuna kuchepetsa asidi m'nthaka yotopa.

Mwala wake ulipo wambiri kuchokera ku Lirangwe mpaka ku Matope. Ndi mwala woyera kapena wotuwa, wonyezimira ukauswa, umene unaphikidwa ndi kutentha kwa pansi pa dziko zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Wina ndi calcium carbonate yekha, wina wosakanikirana ndi magnesium. Owotcha amaukumba ndi mapiki ndi migwala, n'kuuphwanya ndi hamala kuti ukhale zibenthu zofanana msinkhu, chifukwa chibenthu chachikulu chimapsa kunja kokha, mkati n'kutsala chachiwisi. Amasanja mitengo ikuluikulu pansi, miyala pamwamba, mitengo inanso, miyala inanso, n'kuyatsa. Moto umayaka usana ndi usiku kwa masiku angapo, ndipo uyenera kufika pafupifupi madigiri 900. Ukazima n'kuzizira, mwala umaoneka ngati sunasinthe kwenikweni. Koma munthu akaunyamula amamva kupepuka kodabwitsa. Akauthira madzi umalira, umatentha mpaka kutulutsa nthunzi, umatupa, n'kufumbutuka kukhala ufa woyera. Fumbi lake limawotcha khungu lonyowa ndi thukuta ndipo likalowa m'maso likhoza kuchititsa khungu. Anthu ambiri amene amagwira ntchitoyi amaigwira popanda magalasi ndi magolovesi, ndipo zimenezi siziyenera kuzolowereka.

Kupepuka kwa mwala wopsa kunafotokozedwa koyamba ndi Joseph Black, dokotala wa ku Scotland, m'zolemba zake za mu 1754 ndi 1756. Iye anayeza pa sikelo asanawotche ndi atawotcha, n'kusonyeza kuti chimene chimachoka ndi mpweya umene unali womangika m'mwalamo. Ndiwo umene lero timautcha carbon dioxide. Masamu ake sasintha: pa makilogalamu 100 a calcium carbonate weniweni, 44 amauluka ndipo 56 amatsala. Choncho amene wasenza miyala khumi kupita nayo ku uvuni, inayi ndi kachidutswa wasenzera mphepo. Mu 1787 Antoine Lavoisier ndi anzake ku France anapatsa kaboni dzina lake, ndipo patapita zaka khumi Smithson Tennant anasonyeza kuti dayamondi ikapsa imatulutsa mpweya womwewo, wochuluka mofanana ndi wa makala olemera chimodzimodzi. Apa panabuka funso lovuta. Ngati dayamondi ndi makala zili chinthu chimodzi, n'chifukwa chiyani china chimadula galasi pamene china chimafumbutuka m'manja?

Yankho linayamba kuoneka mu 1874. Mnyamata wa zaka 22 wa ku Holland, Jacobus van 't Hoff, ndi Mfalansa Joseph Le Bel, ananena kuti mabondi anayi a kaboni sagona pa thyathyathya monga amajambulidwira papepala. Aliyense atha kudzionera yekha. Aumbe kampira ka dongo, atenge machesi anayi, awabaye kuti lililonse litalikirane ndi anzake momwe angathere. Akawagoneka onse mbali imodzi ngati mtanda, mpata pakati pa awiri oyandikana ndi madigiri 90. Koma akaimika limodzi m'mwamba, atatu enawo n'kuwatambasula pansi kuti kampirako kaime pa miyendo itatu, mpata umakula kufika madigiri 109.5, ndipo akakatembenuza mbali iliyonse kamaoneka chimodzimodzi. Maonekedwe amenewa dzina lake ndi tetrahedron. Katswiri wamkulu wa ku Leipzig, Hermann Kolbe, ananyoza ganizoli poyera mu 1877, n'kumutonza van 't Hoff kuti amagwira ntchito pa sukulu ya madokotala a ziweto. Mu 1901 van 't Hoff ndiye anakhala munthu woyamba kulandira mphotho ya Nobel ya kemisitiri.

Umboni wooneka unabwera ndi kuwala kwa X-ray. Mu 1913 William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anasonyeza kuti m'dayamondi kaboni aliyense wagwira anzake anayi mwa dongosolo la kampira ka dongo kaja. Chaka chotsatira Lawrence anayeza calcite, womwe ndi mwala wofanana ndi wa ku Lirangwe, ndipo anapeza zina. M'menemo kaboni wazunguliridwa ndi maokosijeni atatu okha, onse ogona pa thyathyathya, otalikirana madigiri 120. Ndipo mu carbon dioxide kaboni ali pakati pa maokosijeni awiri pa mzere wowongoka, madigiri 180. Atomu imodzi, makhalidwe atatu.

Kuti zimveke, nkhani iyenera kulowa mkati mwa atomu. J. J. Thomson anatulukira elekitironi mu 1897. Mu 1916 Gilbert Lewis wa ku America ananena kuti bondi ndi maelekitironi awiri amene maatomu awiri akugawana. Kenako mu 1926 Erwin Schrödinger analemba masamu osonyeza kuti elekitironi ilibe njira imodzi yozungulira, koma ili ndi dera limene imapezeka kawirikawiri. Dera limeneli ndi orbital. Ya mtundu wa s ndi yobulungira. Za mtundu wa p zilipo zitatu, iliyonse yokhala ndi mitu iwiri, ina yoloza kumanja ndi kumanzere, ina kutsogolo ndi kumbuyo, ina m'mwamba ndi pansi, kotero kuti zimapingasana pa madigiri 90. Chaka chotsatira Walter Heitler ndi Fritz London anagwiritsa ntchito masamuwa pa maatomu awiri a haidrojeni, n'kusonyeza kuti maorbital awiri akalowana, maelekitironi amakonda kukhala pakati pa maatomuwo, ndipo kukhala pakatipo ndiko kumawamanga.

Pa haidrojeni zinayenda. Pa kaboni zinakanika. Kaboni ali ndi maelekitironi asanu ndi imodzi. Awiri ali mkati, sachita nawo za mabondi. Mwa anayi akunja, awiri akhala kale limodzi mu orbital ya s, ndipo awiri otsalawo ali aliyense mu p yake. Powerengera motere, kaboni akanayenera kumanga mabondi awiri okha, otalikirana madigiri 90. Ngakhale elekitironi imodzi itasamuka mu s kupita mu p yopanda kanthu kuti onse anayi akhale paokhapaokha, mabondi atatu akanapingasana pa madigiri 90, lachinayi n'kukhala la mtundu wina. Koma methane, mpweya umene umabwadamuka m'matope a m'dambo ndi m'ndowe zowola, ndi kaboni mmodzi wogwira mahaidrojeni anayi, mabondi onse ofanana kutalika ndi mphamvu, onse pa madigiri 109.5. Masamu atsopano ankaoneka ngati akutsutsana ndi zimene akatswiri anali atazidziwa kwa zaka zoposa 50.

Amene anamasula mfundoyi ndi Linus Pauling, wobadwa mu 1901 ku Portland m'chigawo cha Oregon, amene ankagwira ntchito ku California Institute of Technology. Anaitchula mwachidule mu 1928, n'kuilemba mokwanira mu Epulo 1931 m'magazini ya American Chemical Society. Chaka chomwecho John Slater anafika pa ganizo lofanana. Iwo anaona kuti masamu a Schrödinger amalola kuphatikiza maorbital n'kupanga atsopano, malinga chiwerengero chisasinthe. Zili ngati mayi wotenga mbale imodzi ya ufa woyera ndi mbale zitatu za mgaiwa, n'kusakaniza m'lichero, n'kugawanso m'mbale zinayi: mbale zikadali zinayi, koma tsopano zonse n'zofanana, iliyonse ili ndi gawo limodzi la woyera ndi magawo atatu a mgaiwa. Kusakaniza kumeneku ndi hybridization, ndipo s imodzi ndi ma p atatu zimapereka maorbital anayi otchedwa sp3. Chimene chinasangalatsa Pauling n'chakuti masamuwo, popanda kuwakakamiza, anasonyeza kuti maorbital anayiwa amaloza kumene van 't Hoff ananena. Ndiponso orbital yosakanizayo imakhala ndi mutu umodzi waukulu woloza mbali imodzi, kotero imalowana kwambiri ndi ya atomu inzake. Mphamvu imene kaboni amataya posamutsa elekitironi imabwerera ndi phindu kudzera m'mabondi anayi olimba.

Akasakaniza s ndi ma p awiri okha, pamatuluka maorbital atatu a sp2, ogona pa thyathyathya, otalikirana madigiri 120, ndipo p imodzi imatsala itaima choongoka pamwamba ndi pansi pawo. Akasakaniza s ndi p imodzi, pamatuluka awiri a sp, ofulatirana pa madigiri 180, ndipo ma p awiri amatsala. Ma p otsalawa sakhala chabe. Amalowana cham'mbali ndi ma p a atomu yoyandikana, n'kupanga bondi lachiwiri kapena lachitatu pamwamba pa loyamba. Bondi loyamba, la mutu ndi mutu, limatchedwa sigma, ndipo la cham'mbali limatchedwa pi. Pauling anasonkhanitsa zonsezi m'buku lake la mu 1939, The Nature of the Chemical Bond, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1954.

Mu uvuni wa njereza mitundu itatu yonseyi imakumana tsiku limodzi. Mtengo wa tsanya umene waikidwa pansi uli ndi cellulose wambiri, pafupifupi theka la kulemera kwake ukauma, ndipo mu cellulose kaboni aliyense ndi sp3, wogwira panayi. M'mwala umene wasanjidwa pamwamba, kaboni ndi sp2. Bondi lake la pi silili pa okosijeni mmodzi, lamwazika pa atatu onse, n'chifukwa chake mabondi atatuwo ndi ofanana ndendende. Moto ukafika pa madigiri 900, okosijeni mmodzi amatsalira calcium, ndipo kaboni amawongoka ndi awiri enawo kukhala sp, ali ndi mabondi awiriawiri mbali zonse. Kaboni wa m'nkhuni nayenso, akapsa mokwanira, amafika pomwepo. Mu utsi simungasiyanitse amene wachokera kumtengo wa zaka 60 ndi amene wachokera kumwala wa zaka mamiliyoni.

Kuwongoka kumeneku ndiko kumachititsa kuti ntchito ya njereza itheke. Molekyulu ya carbon dioxide ndi yokwanira payokha, ilibe bondi lotsala lofuna mnzake, ndipo poti maokosijeni awiri akukoka mofanana mbali zosiyana, ilibe mbali yokhala ndi mphamvu ya magetsi yoposa inzake. Mamolekyulu otere sakokana kwambiri, choncho amauluka. Silicon ali pansi pa kaboni penipeni pa tchati cha maelementi ndipo nayenso amagwira panayi, koma atomu yake ndi yaikulu moti ma p ake salowana bwino cham'mbali. Iye amagwira maokosijeni anayi ndi mabondi amodziamodzi, okosijeni aliyense n'kugwiranso silicon wina, mpaka zonse kukhala chinthu chimodzi cholimba. Umenewo ndiwo mchenga wa m'mitsinje ya kuno. Ungauwotche sabata yathunthu pa moto womwewo, supepuka.

Uvuni wa makala umayenda njira ina. Owotcha a ku Mdeka ndi kutsidya kwa Shire amasanja mitengo, n'kuifunditsa udzu ndi zibuma za dothi, n'kusiya timabowo tochepa. Utsi woyamba ndi woyera, wa madzi. Kenako umakhala wachikasu ndi wonunkha, wa phula ndi mipweya yoyaka. Ukayamba kuoneka wabuluu ndi wopyapyala, wodziwa ntchito amatseka mabowo, chifukwa kupitirira apo makala eniake ayamba kusanduka phulusa. Mkatimo, haidrojeni ndi okosijeni akuchoka, ndipo kaboni wotsala akusiya sp3 n'kukhala sp2, akulumikizana m'timphete ta maatomu asanu ndi imodzi. Maelekitironi a pi amamwazika pa timphete tambirimbiri ndipo amameza kuwala kwa mitundu yonse. Kuda kwa makala kumachokera pamenepo. Timphete timeneti tikasanjikizana bwino m'magawo akuluakulu timapanga graphite, wa mu pensulo. J. D. Bernal anayeza dongosolo lake mu 1924. M'gawo limodzi maatomu ndi otalikirana nanomita 0.142, kuyandikana kuposa m'dayamondi mmene ndi 0.154, koma gawo ndi gawo n'zotalikirana 0.335 ndipo zimatsetsereka mosavuta. Makala a nkhuni safika pa dongosolo limeneli. Rosalind Franklin, amene ambiri amamudziwa chifukwa cha zithunzi za DNA, anayamba ndi kufufuza malasha ndi makala, ndipo mu 1951 anasonyeza kuti pali makaboni ena amene sasanduka graphite ngakhale atatenthedwa mpaka madigiri 3,000, chifukwa timagawo tawo n'topiringizana ndi todzaza timabowo. Timabowoto ndi timene timachititsa kuti makala apepuke ndi kuyamwa fungo.

Pali mpweya wina wa kaboni umene banja lililonse la mbaula liyenera kuuopa. Carbon monoxide, umene unkathandiza amisiri a ng'anjo, uli ndi kaboni mmodzi ndi okosijeni mmodzi omangana katatu, ndipo kaboniyo amatsala ndi maelekitironi awiri oloza kunja. Awiri amenewa amagwira chitsulo cha m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Ulibe fungo ndipo suoneka. Mbaula yolowetsedwa m'chipinda chotseka usiku wa Juni imapha anthu ali m'tulo.

Madzi othira pa mwala wopsa nawonso ali ndi maonekedwe awo. Okosijeni wa m'madzi ali ndi malo anayi, koma awiri okha ndiwo agwira haidrojeni. Awiri enawo ali ndi maelekitironi opanda mnzawo wogawana naye, ndipo amapanikiza mabondi mpaka mpata wake kuchepa kufika madigiri 104.5. Poti molekyuluyi ndi yopindika, mbali imodzi ili ndi mphamvu ya magetsi yosiyana ndi inzake, ndipo n'chifukwa chake madzi amakokana okhaokha n'kukhala amadzimadzi, komanso amasungunula mchere. Makilogalamu 56 a mwala wopsa amamwa makilogalamu 18 a madzi n'kukhala makilogalamu 74 a njereza. Ikapakidwa pa khoma imaoneka yotuwa, ndipo ikamauma imayera n'kulimba, chifukwa ikumwanso carbon dioxide wa mumpweya n'kubwerera kukhala calcium carbonate. Ammonia, amene amatsamwitsa munthu m'khola la nkhuku, ali ndi maelekitironi awiri okha otere, ndipo mpata wa mabondi ake ndi pafupifupi madigiri 107.

Pa msika wa Lunzu kapena wa Lirangwe pali zitsanzo zina ziwiri. Ogulitsa nthochi amazivundika m'thumba kapena m'dzenje kuti zipse msanga. Chimene akusunga m'menemo ndi ethylene, mpweya umene zipatso zimatulutsa zokha, monga mmene Richard Gane anatsimikizira mu 1934. Ndi makaboni awiri a sp2 omangana kawiri, otalikirana pafupifupi nanomita 0.133, ndipo bondi la pi limawaletsa kupotoka, kotero molekyulu yonse imagona pa thyathyathya. Chapafupi pomwepo, wowotcherera zitsulo ndi gasi amagwiritsa ntchito acetylene, makaboni awiri a sp omangana katatu pa nanomita 0.120. Akauyatsa ndi okosijeni lawi lake limapitirira madigiri 3,000. Mpweya umenewu umatuluka madzi akakhudza kabaidi, ndipo kabaidi amapangidwa ndi mwala wopsa wa njereza pamodzi ndi kaboni m'ng'anjo ya magetsi, njira imene Thomas Willson anaipeza mu 1892 ku North Carolina. Katundu woyera ndi wakuda akaphatikizana, amabereka lawi lodula chitsulo.

Hybridization siyenera kuphunzitsidwa ngati chinthu chimene atomu imayamba yachita isanapite kukagwira inzake. Ndi njira yowerengera ndi yoganizira, imene imagwira bwino kwambiri pa kaboni, nayitrojeni ndi okosijeni, koma imafooka kwina. Hydrogen sulphide, mpweya wonunkha mazira owola, ndi m'bale wa madzi, koma mpata wa mabondi ake ndi pafupifupi madigiri 92, ngati kuti kusakaniza sikunachitike. Friedrich Hund ndi Robert Mulliken anakonza njira ina imene imaona maelekitironi ngati a molekyulu yonse, ndipo makompyuta a masiku ano amadalira kwambiri imeneyo. Mulliken analandira Nobel mu 1966. Komabe akatswiri akamakambirana za mankhwala, mafuta kapena pulasitiki amalankhulabe za sp2 ndi sp3, chifukwa ndi mawu amene amalola munthu kuona molekyulu m'maganizo.

Ana a m'masekondale a kuno amakumana ndi methane ndi ethylene, amene mabuku amamulemba ethene, akamakonzekera mayeso a MSCE, ndipo ambiri amakumana ndi sp3 pokhapokha akafika ku koleji, ku Zomba, ku Blantyre kapena kwina. Pa bolodi methane amajambulidwa ngati mtanda, ndipo mwana wosauzidwa amakula akukhulupirira kuti mpata wake ndi madigiri 90. Sukulu yopanda labotale ili ndi zifukwa zomveka zolepherera zinthu zambiri, koma dongo ndi machesi zili pakhomo. Mwana amene bambo ake amawotcha njereza amafika m'kalasi akudziwa kale kuti mwala wopsa umapepuka, kuti umatentha ukathiridwa madzi, ndi kuti khoma limalimba likamauma. Phunziro loyambira pa zimene iye waona lingamugwire mtima kuposa loyambira pa zilembo za Chigiriki.

Mtengo wa ntchito ziwirizi, ya makala ndi ya njereza, waoneka pa mapiri. Uvuni wadothi umamwa makilogalamu 100 a nkhuni n'kutulutsa makala amene kawirikawiri safika 20. Mu 1986 panayamba Blantyre City Fuelwood Project, ndi thandizo la dziko la Norway, yodzala mitengo ya bulugama kuti mzinda upeze nkhuni. Kafukufuku wotchedwa Charcoal: The Reality, wa mu 2007, anapeza kuti mizinda inayi ikuluikulu ya Malawi inkagwiritsa ntchito matumba oposa 6 miliyoni pa chaka. Lamulo la nkhalango la mu 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo, ndipo zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020. Boma linakhazikitsanso ndondomeko ya makala ya zaka za 2017 mpaka 2027. Koma kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa 9 pa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Nthambo zochokera ku Nkula, kumene magetsi anayamba kupangidwa mu 1966, ndi ku Tedzani zimadutsa pamwamba pa midzi imene ikuphikira pa mafuwa. Wanjinga amene amalandidwa matumba pa msewu sindiye anayambitsa njala ya makala ya m'tauni, ndipo kumulanda sikuichepetsa.

Pa njereza, utsi uli ndi magwero awiri. Makilogalamu 44 ochokera m'mwala palibe luso lowachepetsera, chifukwa popanda kuwatulutsa palibe njereza. Gawo lochokera ku nkhuni ndilo lingathe kutsika. Uvuni wotseguka umataya kutentha kwambiri m'mbali ndi pamwamba, ndipo nthawi iliyonse umayamba wozizira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, bungwe la ku Britain la Intermediate Technology Development Group linagwira ntchito ndi owotcha a ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka pa uvuni woimirira. Mwala ndi zosonkhezera moto zimathiridwa pamwamba, mwala wopsa umatulutsidwa pansi, ndipo moto suzima. Mpweya wolowera pansi umatenthedwa ndi mwala umene ukuzizira, ndipo utsi wokwera umatenthetsa mwala umene ukutsika. Uvuni wotere umafuna ndalama zoyambira zimene wowotcha mmodzi sangazipeze yekha, komanso ogula okhazikika oti azitenga njereza tsiku ndi tsiku, ndipo pa zinthu ziwiri zimenezi ndi pamene magulu a owotcha ang'onoang'ono a ku Balaka ndi ku Lirangwe akhala akuvutikira.